Malaya a malemu bambo anu musawadule kaye

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina amene bambo ake anamwalira chaka chatha. Alemba kuti: "Ndinasunga malaya awo 12, mathalauza awiri a jinzi, matisheti angapo ndi juzi imodzi yoluka. Ndikufuna kusoka chofunda chachikulu cha zigamba choyala pabedi la amayi anga, ikhale mphatso yawo. Kusoka kumene ndimadziwa ndi kobwezera batani ndi kupinda mpendero basi, ngakhale ndili ndi makina akale m'nyumba. Kodi ndiyambire pati? Nanga zovala zonsezi zingalowe m'chofunda chimodzi?"

Pepani kwambiri, mayi, chifukwa cha imfa ya bambo. Maganizo anuwo ndi abwino ndipo mungathe kuwakwaniritsa. Koma pempho langa loyamba ndi lakuti malayawo musawadule kaye. Nsalu yogula mukaiwononga mumakagula ina, pomwe malaya a bambo alipo 12 okhawo, ndipo sizasi ikadutsa polakwika palibenso kubweza. Manja anu aphunzirire pa nsalu imene simungailire.

Dziwani kuti njira imene mwasankhayi ena anadutsamo kale. Ku America, m'chigawo cha Alabama, kuli mudzi waung'ono wotchedwa Gee's Bend. Amayi akuda a kumeneko, ambiri mwa iwo zidzukulu za akapolo, akhala akusoka zofunda kuchokera ku zovala zakumunda zimene zinatha ntchito. Mu 1942 mayi Missouri Pettway, amuna awo atamwalira, anatenga zovala zogwirira ntchito za malemuyo n'kusoka chofunda choti azifunda powakumbukira. Zofunda za m'mudziwu zinayamba kuonetsedwa m'nyumba zazikulu za zaluso mu 2002, ku Houston kenako ku New York, ndipo pa zina mwa izo mumaonabe malo a m'mawondo osuluka ndiponso pamene panali thumba la thalauza. Ku Bengal nako, dera limene lili mbali ina ku India mbali ina ku Bangladesh, amayi amasanjikiza masari (nsalu zazitali zimene amavala) akale angapo n'kuwasoka pamodzi ndi msoko wamba wolowa ndi kutuluka, n'kupanga chofunda chotchedwa kantha. Ndatchula amayiwa kuti muone kuti ntchitoyi siifuna zida zambiri. Chimene iwo anali nacho, chomwe inu simunakhale nachobe, ndi manja ozolowera, poti ambiri anayamba ali atsikana atakhala pambali pa amayi awo.

Chofunda cha zigamba chimakhala ndi zigawo zitatu: pamwamba pomwe pali zidutswa zolumikizana, pakati pomwe pali thonje lopyapyala kapena bulangete lofewa loti lizisunga kutentha, ndi pansi pomwe pali nsalu imodzi yathunthu. Zitatuzi zimasokedwa pamodzi kuti zisasunthane, kenako m'mbali monse mumakulungidwa ndi kansalu kakatali. Ntchito zonsezi mungaziphunzire pa kanthu kochepa ngati chikhatho, ndiye yambani ndi kogwirira mphika wotentha. Dulani zidutswa 9 zofanana za nsalu iliyonse ya thonje, zilumikizeni zitatu zitatu, ikani mkati zigawo ziwiri za thawulo lakale, sokani pamodzi n'kukulunga m'mbali. Mkati mwake musaikemo poliyesitala chifukwa imasungunuka ikakhudzana ndi chotentha ndipo ingaotche munthu. Mukasoka tiwiri kapena titatu totere, pitani pa chivundikiro cha pilo, kenako kachikwama. Zimenezi sizopita pachabe, ndi mphatso kale, ndipo anthu amazigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku kuposa zinthu zambiri zokongoletsera m'nyumba.

Pa tinthu tating'onoti pali phunziro limodzi limene ndikufuna mulilimbikire kuposa ena onse: mpata wa msoko uzikhala wofanana nthawi zonse. Osoka zigamba amasiya mamilimita 6 kuchokera m'mphepete mwa nsalu kufika pamene singano ikudutsa. Zimaoneka ngati nkhani yochepa, koma tawerengerani. Mukamalakwitsa ndi mamilimita awiri pa msoko uliwonse, ndipo mzere wanu uli ndi misoko 10, mzerewo ufupika ndi masentimita anayi athunthu, poti msoko uliwonse umadya nsalu ya zidutswa ziwiri. Mzere wotsatira mukausoka bwino, iwiriyo sigwirizana. Pamenepo munthu amayamba kukoka wina kuti ukwanire, ndipo chofunda chimatuluka chofufuma pakati, chosagona pansi. Chothandiza n'chosavuta: yezani mamilimita 6 kuchokera pa singano ya makina anu, matani tepi pamalopo, ndipo m'mphepete mwa nsalu muzitsata tepiyo. Maso anu azikhala pa tepi, osati pa singano. Ngati mukusoka pamanja, jambulani mzere ndi pensulo kuseri kwa chidutswa chilichonse, ndipo pa misoko ingapo iliyonse bwererani m'mbuyo kamodzi kuti ulusi ukaduka msoko wonse usamasuke.

Simbi nayo izikhala pafupi. Msoko uliwonse muziusita musanaulumikize ndi wina, mpata wake ugonere mbali imodzi, makamaka kumene kuli nsalu yakuda kuti usaonekere. Mzere woyamba mipata igonere kumanja, wachiwiri kumanzere. Mukamalumikiza mizere iwiriyo misoko imalowana yokha, mumaimva ndi chala, ndipo makona amakumana. Posita, ikani simbi n'kuinyamula, osaikhukhuliza uku ndi uku, chifukwa kukhukhuliza kumatamula nsalu.

Tsopano funso lanu lachiwiri, ngati zovala zonse zingalowe m'chofunda chimodzi. Yankho langa ndi lakuti ayi, ndipo apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pamene zofunda zambiri zachikumbutso zimaonongekera. Nsalu zolemera mosiyana sizikhalirana bwino. Jinzi ndi yolimba ndi yolemera. Mukaisoka pambali pa malaya opyapyala amene achapidwa kwa zaka zambiri, nthawi iliyonse imene chofunda chikukokedwa kapena kuchapidwa, jinziyo imakoka malayawo ndipo iwo ndi amene amang'ambika m'mbali mwa msoko. Tisheti ndi yoluka, imatamuka mbali zonse ndipo m'mphepete mwake mumapiringizika mukangoidula. Ingathe kulowa m'chofunda pokhapokha kuseri kwake mutamata kansalu kopyapyala kaja kamene atelala amaika mkati mwa kolala, komata ndi simbi, ndipo muyenera kumata musanadule. Juzi yoluka ikadulidwa imasomoka ulusi. Ine ndikanati juziyo musaidule zidutswa n'komwe. Thupi lake likhoza kukhala chivundikiro cha pilo: sokani mizere iwiri yoyandikana pamene mukufuna kudula, kenako dulani kunja kwa mizereyo. Majinzi awiri aja apange chikwama cholimba, matumba ake akumbuyo akhale kunja. Chofunda chenichenicho chikhale cha malaya okhaokha.

Ngakhale malaya omwewo si paliponse pamene pali pabwino. Tambasulani amodzi amodzi padzuwa kapena pawindo. Pamene kuwala kukudutsa kwambiri ndi pothetheka, kawirikawiri m'zigongono, m'khwapa, m'khosi ndi m'mapewa. Malo amenewo asiyeni. Msana wa malaya ndiwo umakhala ndi nsalu yambiri yolimba. Pakakhala malo othetheka amene mtima wanu sukufuna kuwataya, mwina thumba limene bambo ankasungamo cholembera, amateni kansalu kaja kuseri kuti alimbe. Ine ndimakonda chofunda chimene chili ndi thumba limodzi kapena awiri osiyidwa momwe analili, chifukwa wochilandira amalizindikira nthawi yomweyo. Mabatani okha ndiwo achotseni, amabaya munthu akafunda komanso amathyola singano ya makina. Asungeni m'kabotolo, mudzawagwiritsa ntchito pa mapilo.

Pa kukula kwa chofunda, ndikupemphani muganizenso. Choyala pabedi la anthu awiri chimafika masentimita pafupifupi 200 m'lifupi ndi 220 m'litali. Ndi zidutswa za masentimita 15 mbali zonse, pafunika zoposa 200, ndipo kulowetsa chinthu chachikulu chotero pansi pa mkono wa makina a m'nyumba ndi ntchito yotopetsa ngakhale kwa wozolowera. Chofunda cha masentimita 120 ndi 150 chimafuna zidutswa 80 zokha, mizere 10 ya zidutswa 8. Chotere amayi anu angachifunde m'miyendo atakhala pampando, angachiike kumiyendo kwa bedi, angayende nacho akamapita kukacheza, ndipo kuchapa kwake sikuvuta. Chachikulu choyala pabedi nthawi zambiri chimapindidwa n'kusungidwa poopa kuti chingade. Palinso phindu lina. Malaya amodzi a munthu wamkulu amatulutsa zidutswa zotere pakati pa 15 ndi 20, choncho pa malaya 12 mutsala ndi nsalu yokwanira kusokera abale anu mapilo kapena chofunda chachiwiri. Ndipo musanadule, afunseni abalewo, mwina pali wina amene akufuna malaya amodzi akhale athunthu.

Podula, kumbukirani kuwonjezera mpata wa msoko mbali zonse: chidutswa choti chidzakhale masentimita 15 chidulidwe masentimita 16.2. Pangani chitsanzo chimodzi pa katoni yolimba, muzijambulira pamenepo ndi pensulo yosongoka. Pali kampeni kozungulira kodulira nsalu kamene kampani ya Olfa ya ku Japan inatulutsa mu 1979, ndipo kamafulumizitsa ntchito, koma pa zidutswa 80 sizasi yakuthwa ikwanira. Chofunika n'chakuti mbali za chidutswa zitsate mmene ulusi wa nsalu ukuyendera. Nsalu yodulidwa mopendekera, kuchokera pa kona kupita pa kona, imatamuka kwambiri, ndipo n'chifukwa chake ndikuti pa chofunda choyamba mupewe zidutswa za makona atatu. Ubwino wa malaya a mizeremizere kapena a timabokosi ndi woti mizereyo imakulondolerani podula.

Mukadula zonse, yalani pansi kapena pabedi musanasoke kalikonse. Sinthanitsani mpaka zakuda ndi zowala zitamwazikana bwino. Jambulani chithunzi pa foni, muchione pang'ono chabe ngati muli patali, ndipo muona msanga pamene mtundu umodzi waunjikana. Siyani usiku umodzi, mawa muonenso. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo musadabwe ngati tsiku lodula malaya oyamba misozi ibwera n'kulephera kupitiriza. Ikani sizasi pansi, ntchitoyi ilibe tsiku lomalizira.

Nsalu ya pansi idzakhala yatsopano, ndipo apa pali msampha. Malaya a bambo achapidwa kambirimbiri, sangachepenso. Nsalu yatsopano ya thonje imachepako ikachapidwa koyamba, ndipo ina imatulutsa utoto, makamaka yofiira ndi yabuluu wakuda. Mukaiphatikiza osaichapa, tsiku lochapa koyamba pansi padzakoka pamwamba, kapena utoto udzalowa m'malaya oyera. Ichapeni kaye payokha mpaka madzi azituluka oyera, iume, muisite. Pansi ndi pakati pakhale pokulirapo kuposa pamwamba ndi masentimita 8 kapena 10 mbali iliyonse, chifukwa zigawo zimasuntha posoka. Zotsalazo mudzadula pomaliza.

Yalani nsalu ya pansi chafufumimba pamalo osalala, ikani ya pakati, kenako ya zigamba. Salazani ndi manja kuchokera pakati kupita m'mbali, ndipo mangani zitatuzo ndi mapini otseka, motalikirana ngati kukula kwa chikhatho. Kusoka nakonso kuyambire pakati kupita kunja kuti makwinya azithawira m'mphepete. Makina akale amakonda kukankha nsalu ya pansi mofulumira kuposa ya pamwamba, ndiye ngati mulibe phazi lapadera loyendetsa zigawo zonse pamodzi, gawo ili lichiteni pamanja. Msoko wamba wolowa ndi kutuluka, ngati wa kantha uja, ndi ulusi wokhuthalako, umaoneka bwino kwambiri pa nsalu ya malaya. Misoko isakhale yaing'ono kwambiri, ingokhala yofanana. Njira ina yachidule ndi yomanga mfundo: pa kona iliyonse pamene zidutswa zinayi zakumana, lowetsani ulusi wokhuthala kudutsa zigawo zonse, muubweze pamwamba, mumange mfundo yolimba kawiri n'kusiya timichira tatifupi. Ndi njira yakale ndipo imagwira.

Chokulungira m'mbali chidulidwe masentimita 6 m'lifupi, mulumikize mpaka chikwane kuzungulira chofunda chonse, muchipinde pakati m'litali mwake kuti chikhale chophatikiza. M'mphepete ndi mmene chofunda chimayambira kutha, choncho apa gwiritsani ntchito nsalu yatsopano yochapa kale, osati malaya. Sokani ndi makina kumaso, pindirani kuseri, malizani pamanja.

Ngati mwa mphatso zimene mudzasoke ndi zotsala mudzakhale kachofunda ka khanda, auzeni makolo ake kuti ndi koyala pansi posewera kapena kofunda ali m'manja. Madokotala a ana amalangiza kuti mwana wosakwana chaka asagone ndi zofunda zotayirira kapena mapilo chifukwa zingamutseke mphuno ndi kamwa.

Pa kona imodzi kuseri sokanipo kansalu koyera kolembedwa dzina la bambo, dzina lanu ndi chaka chimene mwasoka, ndi ulusi kapena cholembera chosafufutika. Powapatsa amayi muwauzenso kachapidwe kake: madzi ozizira, sopo wofewa, osafinya mopotokola, ndipo kuyanika pamthunzi atachiyala kapena atachipachika pa zingwe ziwiri, kuti kulemera kwa madzi kusakoke misoko.