Mwatola bulu woonda? Madeyawo dikirani kaye

Sabata yathayi ndalandira mafunso angapo a abulu koma lomwe landikhudza kwambiri ndi la bambo ena a ku Dedza cha ku Linthipe uko. Akuti anagula bulu kwa munthu yemwe amatutira njerwa pangolo, bulu wake nthiti zonse pamtunda, pakhosi chilonda chofiira, ziboda zinatalika mpaka kupindikira m'mwamba, anangomugula chifukwa cha chisoni basi. Ndiye akufunsa kuti "Alangizi, ndizimupatsa madeya ochuluka bwanji kuti anenepe msanga?"

Bambo, mwachita bwino kumuchotsa kumeneko ndipo ndakunyadirani. Koma madeyawo ayi, osati pano. Ndikunena chonchi chifukwa ndinazionapo ndi maso angawa. Mayi ena anatenga bulu wotereyu n'kumuikira beseni lodzadza madeya tsiku lomwelo, iye ndi njala ija anaseseratu zonse, mawa lake chimodzimodzi, tsiku lachitatu akundiitana ndinakamupeza ali chigonere thukuta kamukamu, akuyang'anayang'ana kumimba kwake n'kumadzigubuduza pansi. Dzuwa lisanalowe anali atafa, mayi aja kulira ngati afedwa mwana poti iwo amati akumuthandiza.

Chimachitika n'choti thupi lomwe lakhala pa njala nthawi yaitali limakhala lazolowera kudya mafuta ndi mnofu wake womwe, ndiye mukaliunjikira chakudya champhamvu kamodzin'kamodzi mchere wa m'magazi umasokonekera ndipo mtima umalephera, kawirikawiri pakati pa tsiku lachitatu ndi lachisanu. Komanso tisaiwale kuti bulu si ng'ombe, sabzikula, chifu chake n'chaching'ono ndipo sangathe kusanza, chomwe chalowa chalowa.

Ndiye masiku 10 oyambawa mupatseni udzu wouma wabwino wopanda nkhungu, kamtolo kakang'ono kokwana m'manja awiri, pakatha maola anayi alionse, ngakhale usiku ngati mungathe kudzuka. Pang'ono koma pafupipafupi. Kenako muzionjezera tsiku ndi tsiku, mapesi oduladula, masamba ouma a mtedza, n'kuyamba kumutulutsa ku msipu kanthawi kochepa. Madeya abwere pakatha masabata awiri, dzanja limodzi lokha onyowetsa ndi madzi. Chakudya cha nkhuku za broila musayerekeze n'komwe, china chimakhala ndi mankhwala otchedwa monensin omwe kwa bulu ndi hatchi ndi poizoni. Madzi akhale pomwepo nthawi zonse m'ndowa yotsuka, bulu ndi waukhondo kwambiri pa madzi, akanunkha amangowanunkhiza n'kuchokapo inu n'kumati alibe ludzu. Ndipo tolani majumbo onse pakhomo, wanjala amadya chilichonse. Kuti thupi libwerere ndi miyezi itatu kapena kuposa, nthawi yonseyi pangolo asayandikirepo.

Mukaona kuti tsiku lathunthu sanadye, waweramitsa mutu, makutu agwa, thamangani kwa a vetenale tsiku lomwelo. Bulu amabisa ululu, ndipo akasiya kudya mafuta amadzadza m'magazi n'kuononga chiwindi, sizichedwa.

Za chilonda cha pakhosicho, chimenecho ndi goli. Ndatopa nako kuziona m'misewu ya ku Dedza, Lilongwe mpaka Kasungu, abulu awiri atakolekedwa goli la ng'ombe. Ng'ombe ili ndi khosi lamphamvu ndi linunda lotsamira golilo, bulu alibe, mphamvu zake zokokera zili pachifuwa. Akadzachira mudzamupangire lamba wotambalala wodutsa pachifuwa, lamba wakale wa pachigayo amagwira bwino mukamukulunga ndi nsalu yofewa mkati mwake, bola pasakhale waya kapena bawuti yokhudza khungu. Panopa tsukani chilondacho m'mawa ndi madzulo ndi madzi owiritsa ozizira, theka la lita muthiremo kasupuni kamodzi ka mchere. Oyilo wakuda wa galimoto, phulusa la mabatire, ndowe, chonde abale zisiyeni izi, zimaotcha mnofu ndipo dothi ndi ndowe ndiye njira ya kafumbata, matenda omwe abulu sapirira nawo. Ngati mwalowa mphutsi kapena chikutuluka mafinya onunkha aitaneni a vetenale.

Ziboda musadule ndi chikwanje tsiku limodzi, mufika pamnofu n'kumulemaza. Zimachepetsedwa pang'onopang'ono ndi munthu wodziwa, kenako pakatha miyezi iwiri iliyonse. Mankhwala a njoka za m'mimba adikire kaye sabata imodzi kapena awiri apezeko mphamvu, mlingo wake akuyezereni alangizi a ziweto a kwanuko molingana ndi thupi lake.

Mayi ena a ku Mchinji afunsa ngati angapopere bulu dibi yemwe amapopera ng'ombe zawo poti nkhupakupa zachuluka m'makutu ndi kunsi kwa mchira. Mayi, werengani kaye pabotolopo. Ngati palembedwa kuti amitraz musapopere, mankhwala amenewo ng'ombe zilibe nawo vuto koma bulu ndi hatchi amawaumitsa matumbo mpaka kufa. Pitani ndi botololo kwa a vetenale akuuzeni oyenera.

Funso lina ndi la mnyamata wa ku Kasungu, bambo ake anamwalira n'kusiya abulu awiri, iye akupita kukafuna ntchito ku Joni ndipo pakhomo palibe wowasamala, ayamba kale kuonda. Achimwene, pepani ndi zovutazo. Chachikulu musawalekanitse, abulu omwe akhala limodzi zaka amakondana zedi moti mmodzi akachoka winayo amatha kusiya kudya, ndiye apite onse awiri khomo limodzi. Musangolandira ndalama pamsika, pitani nokha kwa wofuna kuwatengayo mukaone khola ngati lili ndi denga komanso pouma pogona, muone mbuzi ndi ng'ombe zake mmene zikuonekera, ngakhale galu wapakhomopo akuuzani zambiri. Funsani kuti pangolo azidzayendetsa ndani, chifukwa nthawi zambiri mwini wake amakhala wabwinobwino koma ngolo amapatsa anyamata aganyu olipidwa pa tripu, amenewo ndiye chikwapu sichichoka m'manja. Mugwirizane pamaso pa amfumu ndi mboni kuti akadzalephera kuwasamala adzawabweze kubanja kwanu osati kugulitsa mwakachetechete, ndipo musiye m'bale woti azikawazonda mwezi ndi mwezi.

Chenjeraninso ndi ogula omwe sayang'ana mano, sayang'ana miyendo, sakufunsa n'komwe ngati amakoka bwino. Zikopa za abulu zili ndi msika ku China komwe amapangira mankhwala otchedwa ejiao, ndipo abulu ambiri mu Africa muno atha chifukwa cha zimenezi mpaka atsogoleri a African Union anagwirizana ku Addis Ababa mu February 2024 zoletsa kupha abulu pofuna zikopa. Ngati mwasowa pogwira, a bungwe la LSPCA ku Lilongwe amagwira ntchito yosamalira nyama kuphatikizapo abulu, mutha kukawafunsa nzeru, apo ayi yambirani ku ofesi ya zaulimi ya m'dera lanu (EPA) musananyamuke ulendowo.

Bambo a ku Linthipe, pakatha masiku 10 mundiuze mmene akudyera komanso ndowe zake mmene zikutulukira, tikambirane zoyamba madeya.