Yankho la mawu kwa msuweni wa ku Moatize

Msuweni, funso lako ndaliona pagulu la banjali, ndipo ndati ndikuyankhe ndi mawu chifukwa zala zanga pa foni ndi zaulesi monga ukudziwira. Wafunsa kuti m'chipinda choyang'anira makamera kuntchito kwanu mugule sikirini ya mainchi 55 kapena ya mainchi 65, ndiponso ngati multiviewer (bokosi loyala zithunzi zambiri pasikirini imodzi) ya zithunzi 9 ingakwane kapena mufunike ya zithunzi 16. Azakhali ayankha kale kuti ugule yaikuluyo, ndipo ine sindingawatsutse pagulu. Koma iwe ndinakuberekapo kumbuyo uli wamamina, choncho ndikudziwa kuti za mainchizo wangoyambira pamenepo. Abwana akupatsa ndalama ndi udindo kwa nthawi yoyamba, ndipo ukuopa kuti chithunzi chikadzazima pakati pa usiku galimoto yonyamula katundu ili pageti, dzina lodzatchulidwa m'mawa mwake lidzakhala lako.

Ndisanafike pamenepo, uwakumbukire amalume a ku Ulongwe. Iwe unali usanabadwe... ayi, unali utabadwa, chifukwa amayi ako anadutsa nawe pa Calómuè uli m'manja pamene tinkabwerera kuchokera ku Dedza, mtendere wa mu 1992 uja utakhazikika. Amalume atagulitsa ng'ombe ziwiri zija, zimene sitizitchula pagulu pano, anapita ku Lilongwe n'kukagula TV yaikulu, deki ya matepi ndi kajenereta, ati atsegule nyumba yoonetsera kanema pafupi ndi msika. TV ija anaikulunga m'bulangete la agogo, ndipo itafika palibe mwana amene analoledwa kuyandikira, ngakhale kuilozera chala. Anakhoma mabenchi, analemba chikwangwani ndi makala, ndipo tsiku lotsegulira anthu anadzaza mpaka ena anakhala pazenera. Ndalama ndinkatolera ndine pakhomo, m'chitini cha mkaka.

Nthawi yoyatsa itakwana, pulagi inakana kulowa. Ya ku Malawi ili ndi mano atatu aphwatalala, pamene soketi imene amalume anagula kuno inali ya mabowo awiri obulungira. Amalume sanafunse munthu. Anatenga mpeni, anadula pulagi ija, analowetsa mawaya osavala m'mabowo n'kuwatsinira ndi timitengo ta machesi, ndipo TV itayaka anthu anaomba m'manja. Koma chimene chinaoneka chinali mchenga wokhawokha ndi phokoso ngati la mvula padenga, chifukwa chingwe cholumikizira deki ku TV munalibe m'katoni, wogulitsa sananene, ndipo iwo sanaganize zofunsa. Ndinabweza ndalama mmodzimmodzi, ena akunena kuti analipira kawiri. M'mawa mwake bambo ako anapalasa njinga mpaka ku Dedza, anagona kumeneko, ndipo anabwera ndi kachingwe kokwana m'thumba la malaya. Kanema anayenda bwino miyezi iwiri, kapena itatu, mpaka mwana wina anapunthwa pa waya, machesi aja anasuntha, panatuluka moto ndi kafungo kachabe, basi zinathera pomwepo. TV ija ikadalipo pabalaza, anaiphimba ndi nsalu n'kuikapo chithunzi cha ukwati. Amalume, ngati mukumvetsera, mundikhululukire, koma zonsezi ndi zoona.

Tsopano za chipinda chakocho. Multiviewer palokha ndi bokosi lopanda zambiri: imalandira zithunzi zochokera kosiyanasiyana n'kuziyala pasikirini imodzi m'timawindo. Ngati makamera anu onse ndi a IP, oyendera pa netiweki, ndipo akulowa mu NVR imodzi, makina ojambula ndi kusunga zithunzi za makamera, mwina suifunikira n'komwe, popeza NVR imagawa kale sikirini. Koma unanena patsiku la chinkhoswe lija kuti muli ndi ma NVR awiri ndi kompyuta ya pasikelo yoyezera magalimoto, ndiye inde, ikufunika, ndipo ya zithunzi 9 ikukwanirani. Pa sikirini, yang'ana ngati inapangidwira kuyaka usana ndi usiku osazima, chifukwa TV ya pabalaza sanaipangire ntchito yotero. Ndayankhatu zimene unafunsa, azakhali ndi mboni.

Vuto limayambira kumbuyo kwa bokosilo. Chingwe wamba cha HDMI, chotengera chithunzi ku sikirini, chikapitirira mamita 10 kapena 15 chimayamba kuphethira, ndipo sichimangika, munthu wosesa akangochikoka ndi tsache chimasolomoka. Ngati makina ali m'chipinda china, ufunika tizida totumizira chithunzi pa waya wa netiweki wa Cat6, tabwino take timafika mamita 100, apo ayi usinthe chithunzi kukhala SDI, katumizidwe kamene masiteshoni a kanema amagwiritsa ntchito, n'kuchiyendetsa pa waya wa coaxial wa 75 ohm, umenenso umafika cha m'mamita 100 ukakhala wabwino. Kuntchito kwathu ku siteshoni ya kanema, kumene zithunzi zimapita kwa anthu oonera, timadalira SDI chifukwa mutu wake wa BNC umaupotokola n'kukola, sungachoke wokha. Komatu converter iliyonse, kachida kosinthira chithunziko, imabwera ndi kaadaputala kake ka magetsi, ka 5 V kapena 12 V, ndipo pa zonse zimene ndaona zikufa, timeneti ndiye timayamba. Tsiku lina nkhani zamadzulo zili pafupi kuyamba, windo la kamera yachiwiri linada bii. Tinatsegula rack, kabati yachitsulo yoikamo zida, tinakayikira multiviewer, wina anayamba kale kuimbira foni amene anatigulitsa, kenako mnyamata wophunzira ntchito anagwira kaadaputala kena kumbuyo n'kupeza kali kozizira pamene tinzake tonse tinali totentha. Tinalibe kena kosinthira. Tinachotsa ka makina ena m'chipinda choyandikana, ndipo ine thukuta linali litafika kale m'nsapato.

Palinso zinthu ziwiri zimene wogulitsa sadzakuuza. Abwana akadzafuna kuti dikoda ya TV ilowe nawo pasikiriniyo kuti alonda azionera nkhani, udziwe kuti madikoda ambiri amatseka chithunzi ndi chitetezo chotchedwa HDCP, ndipo converter yosinthira ku SDI imangotulutsa mdima. Chinanso, ife kuno magetsi athu ndi a 220 V pa 50 Hz ndipo kanema wathu amayenda pa 50, koma zida zina zimabwera zitaikidwa pa 60 monga ku America, choncho ufunse ngati multiviewer imene mukugulayo imalandira zonse ziwiri nthawi imodzi.

Dikira pang'ono, mwana akufuna kiyi... Eya, ndinali pa magetsi. Tikukhala pafupi ndi Cahora Bassa, damu lopanga mamegawati 2,075 ku Songo kuja, koma ukudziwa wekha zimene zimachitika mvula yoyamba ikabwera ndi ziphaliwali. UPS, bokosi la mabatire lopitiriza kupereka magetsi akazima, si chokongoletsera. Uphatikize mawati a multiviewer, ma NVR, switch yolumikiza makamera pa netiweki ndi sikirini yomwe, chifukwa ndinaonapo chipinda chimene makina onse anali pa UPS koma sikirini ili pasoketi ya pakhoma, ndipo magetsi atazima alonda ankayang'ana galasi lakuda makina akujambula okha. Ngati multiviewer ili ndi malo a power supply yachiwiri, igule nthawi yomweyo. Ndipo za mapulagi, sindikuseka: zida zochokera ku Johannesburg zimabwera ndi mano atatu obulungira aakulu, za ku Blantyre ndi mano aphwatalala aja, zathu ndi mano awiri. Ugule zingwe zamagetsi zoyenera. Ndikadzamva kuti wagwira mpeni ndi machesi, ndidzadziwa kuti magazi a amalume agwira ntchito.

Kutentha sindichita kukufotokozera, ndiwe wa ku Moatize. Mu Okutobala ndi Novembala kumapitirira madigiri 40, ndipo fumbi la malasha limalowa ngakhale m'chikwama chotseka. Rack ya mainchi 19 ikhale ndi mafani ake, usiye mpata pakati pa zida kuti mpweya uzidutsa, ndipo tosefera fumbi tizitsukidwa, osati kudikira mpaka fani itayamba kulira ngati chigayo. Pomaliza pa zimenezi, mayina. Kwathu pansi pa windo lililonse pamalembedwa dzina la kamera, ndipo imene ili pamphepo imazunguliridwa ndi mzere wofiira umene timautcha tally. Inu tally simuifuna, koma mayinawo mulembe omveka, monga geti lalikulu, sikelo, kumbuyo kwa nyumba ya katundu, osati kamera 7, chifukwa mlonda wa usiku sadzawerenga manambala mtima uli m'mwamba. Chingwe chilichonse uchimate kapepala mbali zonse ziwiri.

Ndiye chimene ndimafuna kukuuza kuyambira pachiyambi n'chakuti usamalizire ndalama za abwana pa sikirini ndi bokosi. Tenga ya mainchi 55, ndipo ndalama yotsalayo ipite ku zingwe, ma converter, UPS, mafani ndi zosinthira zosungira m'kabati. Azakhali, pepani, ndakutsutsanibe. Ndibwereze kuti umve bwino, popeza unali wosamva kuyambira kale: pepala la mitengo limene upereke kwa abwana likhale ndi tizinthu ting'onoting'ono tonseto, kalikonse pamzere wake, ndi maadaputala awiri kapena atatu apadera, chifukwa ukadzapita kukapemphanso ndalama patatha mwezi adzakufunsa kuti unali kuti poyamba. Mlonda amene adzakhale pampando umenewo usiku sadzadandaula kuti sikirini yachepa ndi mainchi 10, adzadandaula windo likadzada, ndipo likadzada udzapeza kuti chafa ndi chinthu chokwana m'thumba la malaya, ngati chimene bambo ako anakagonera ku Dedza.

Mawa ukafika kuntchito, ujambule kumbuyo kwa ma NVR onse awiri ndi kwa kompyuta ya pasikelo kuti ndione mabowo ake, uyeze ndi tepi mtunda wochokera pamene padzakhale rack kufika pakhoma la sikirini, motsatira mmene waya adzayendere, n'kunditumizira pandekha, osati pagulu. Ndipo zipangizo zanga za batire zija, zimene unabwereka pa Khirisimasi, uzitumize ndi amene akubwera kuno ku Tete Loweruka.