Funsani Alangizi: mbuzi za pachingwe, chitopa ndi nkhumba

Chaka chilichonse mvula ikagwa ndimamangirira mbuzi zanga kuti zisalowe m'minda ya anthu. Pofika February zimakhala zawonda, zina zimatupa pansi pa chibwano, ana amafa. Msipu ndiye ulipo wambiri. Chikulakwika n'chiyani? — Mayi wa ku Ntcheu

Mayi, mbuzi zanuzo zikutha magazi ndi njoka za m'mimba. Gwirani imodzi, mutsitse chikope cham'munsi ndi chala, muyang'ane mkati mwake pamalo owala. Mbuzi ikakhala yathanzi, m'chikopemo mumakhala mofiira. Mukapeza motuwa kapena moyereratu, ndiye kuti njokazo zayiyamwa kwambiri, ndipo kutupa kwa pansi pa chibwanoko ndi madzi omwe amasonkhana magazi akachepa mphamvu.

Vuto limayambira pachikhomo pomwe mumamangapo chingwe. Mazira a njoka amatuluka ndi ndowe, ndipo kukakhala chinyezi ndi kutentha, sabata isanathe amakhala aswa tinyongolotsi tosaoneka ndi maso. Timeneti timakwera udzu wam'munsi, makamaka m'mawa kukali mame. Mbuzi yomangidwa malo amodzimodzi masabata awiri imangodya pomwe yadzichitira chimbudzi. Choncho sunthani chikhomo masiku atatu kapena anayi alionse, ndipo malo omwe mwachokapo musabwererepo mpaka patadutsa masabata 6. M'mawa musathamangire kuzitulutsa, dikirani mame akamuke. Kudambo kuja mumati kuli msipu wabwinoko ndi komwe kuli zoopsa zambiri, chifukwa kumakhalanso tinkhono tofalitsa njoka za m'chiwindi.

Mbuzi mwachibadwa imadya m'mwamba, si nyama yoweramira pansi ngati nkhosa. Duleni masamba a gliricidia kapena lukina, mumange mitolo n'kuipachika m'khola kuti zizidya zitatukula mutu. Koma lukina asapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a chakudya chonse, akachuluka amayoyola ubweya.

Pa mankhwala, albendazole amapezeka m'mashopu ambiri ogulitsa za ziweto. Anthu ambiri amalakwitsa poyeza ndi maso n'kumwetsa pang'ono kuti botolo likwanire khola lonse. Mukatero mwapha njoka zofooka zokha, zolimba zatsala ndipo zidzaswana zosamva mankhwala. Ikani mbuzi m'thumba, muyipachike pa sikelo yomwe mumayezera chimanga, ndipo alangizi a ziweto akuuzeni mulingo woyenera kulemera kwakeko. Yomwe yangotenga bere kumene, m'mwezi woyamba ndi theka, musaimwetse albendazole, amatha kuwononga mwana m'mimba.

Khola nalo liunikeni. Ngati zimagona pansi m'matope, mangani lam'mwamba, pafupifupi mita imodzi kuchoka pansi, mitengo yoyala pansi italikirane pongokwana chala (masentimita 1.5) kuti ndowe zizigwa koma mwendo wa kamwana usakodwe. Ndowe zogwera pansizo ndi manyowa a kumunda kwanu.

Ndinatemera nkhuku zanga 23 katemera wa chitopa, koma patangotha masiku anayi zinayamba kufa. Anzanga akuti katemerayo ndi amene wazipha. Nzoona? — Bambo wa ku Kasungu

Ayi Bambo, katemera wa chitopa wodontheza m'diso, wotchedwa I-2, sapha nkhuku. Chomwe chimachitika n'chakuti anthu amakumbukira katemera akamva kuti kwa aneba nkhuku zayamba kugwa. Nthawi imeneyo matenda amakhala alowa kale m'khola, chifukwa chitopa chimatha kukhala m'thupi masiku 5 kapena 6 nkhuku ikuoneka bwinobwino, pomwe katemera amafuna sabata imodzi kapena ziwiri kuti amange chitetezo. Katemera ndi woteteza, sachiza. Nkhuku yomwe yagwetsa kale mapiko, ikutulutsa zitosi zobiriwira kapena yapotoka khosi, kuidontheza n'kungotaya katemera.

Funsaninso momwe botololo linayendera. I-2 amapirira kutentha kuposa akatemera ena, komabe sikuti aziyenda naye m'thumba la malaya padzuwa la October. Wotemera azimukulunga m'kansalu konyowa n'kumuika mumthunzi, ndipo botolo likatsegulidwa lithe m'masiku awiri kapena atatu. Dontho ndi limodzi, m'diso limodzi, ndipo musaitaye nkhuku mpaka itaphethira dontholo n'kulowa. Anapiye nawo atemeredwe, ngakhale oswedwa dzulo. Bwerezani miyezi inayi iliyonse, monga March, July ndi November. Wa July musamuphonye, popeza chitopa chimavuta kwambiri nyengo yotentha ikamayandikira.

Zomwe zafazo zikwirireni mozama kapena kuzitentha. Musathamangitsire zotsalazo ku msika, mukakafalitsa matenda kumidzi ina.

Mbuzi yanga inalowa m'nyumba n'kudya madeya pafupifupi theka la ndowa. Mimba yatupa, sikubzikula. Nditani? — Mlimi wa ku Zomba

Chotsani madeya ndi chimanga chilichonse pafupi, muipatse udzu wouma wokha. Sungunulani supuni yaikulu imodzi ya soda wophikira m'kapu ya madzi, muimwetse pang'onopang'ono cha m'mbali mwa kamwa mutu usanyamuke kwambiri, kuti madzi asapite m'mapapo. Iyendetseni, kwinaku mukusisita mbali ya kumanzere komwe kwatupako. Ikagona pansi osadzuka kapena ikamapuma movutika, itanani alangizi msanga, zikafika apo soda sathandizanso.

M'mudzi mwathu nkhumba zikufa ndipo nyama yatsika mtengo. Zanga zili m'khola, sizituluka. Ndingagule ndiwo? — Mayi wa ku Mchinji

Musagule, Mayi, ngakhale ya ulere. Zikuoneka kuti ndi chigodola, chomwe chilibe mankhwala ndiponso katemera wake simungamupeze. Munthu sadwala nacho, koma kachilombo kake kamakhala m'nyama ndi m'magazi kwa nthawi yaitali. Madzi omwe mwatsukira nyamayo, kapena makombo a pa mbale, akangofika modyera nkhumba zanu, khola lonse lapita. Ogula nkhumba asalowe m'khola mwanu, musabwereke kapena kubwereketsa nkhumba yamphongo, ndipo mukhale ndi nsapato zolowera m'kholamo zokha. Matani ming'alu ya m'zipupa, ndi momwe mumabisala nkhufi zomwe zimasunga matendawa. Dziwitsani ofesi ya zaulimi ya m'dera lanu lero lomwe.