Mukufuna kumanga pulatifomu? Yambani mwamangapo pa ya wina

Funso lafika kuchokera kwa wophunzira wa chaka chomaliza: "Ndikuphunzira sayansi ya makompyuta. Ndikufuna kupanga pulatifomu yoti olemba mapulogalamu ena azimangirapo ma app awo, monga zimakhalira pa Android. Bambo anga akuti ndiyambe ndapeza kaye ntchito. Ndiyambire pati, ndipo ndiphunzire chiyani?"

Maganizo anuwa ndawakonda, ndipo sindikufuna kukugwetsani ulesi. Koma pali chinthu chimodzi chomwe achinyamata ambiri amachizindikira mochedwa: olemba mapulogalamu sabwera chifukwa code yanu ndi yaudongo. Amapita komwe kuli anthu oti agwiritse ntchito zomwe apanga, ndipo amakhazikika komwe akuona kuti sawapusitsa mawa.

Taonani momwe akuluakulu anayambira. iPhone, foni ya kampani ya Apple, inatuluka mu 2007 opanda App Store, sitolo yake ya ma app. Steve Jobs, mkulu wa Apple pa nthawiyo, anauza olemba mapulogalamu kuti azingopanga zinthu zoyendera pa Safari, pulogalamu yotsegulira mawebusayiti. Zida zolembera ma app zinatuluka mu March 2008, ndipo App Store inatsegulidwa mu July chaka chomwecho ili ndi ma app pafupifupi 500. Nthawi imeneyo n'kuti anthu mamiliyoni ali kale ndi foniyo m'thumba. Facebook nayo inayamba mu 2004, koma inatsegulira khomo olemba mapulogalamu akunja mu May 2007, anthu atadzadza kale. Onsewa anayamba ndi chinthu chomwe anthu wamba ankachifuna pachokha, pulatifomu inabwera pambuyo.

Tsopano onani Windows Phone, pulatifomu ya mafoni ya Microsoft, yomwe inatuluka mu 2010. Microsoft inali ndi ndalama, inali ndi akatswiri, inafika mpaka pogula nthambi ya mafoni ya Nokia mu 2014. Koma ogula ankafunsa kuti "Snapchat ilipo?" n'kupeza kuti kulibe, olemba ma app nawo ankafunsa kuti "ogula alipo angati?" n'kubwerera. Mu 2017 mkulu wina wa kampaniyo, Joe Belfiore, anavomereza poyera kuti ankalipira makampani, nthawi zina kuwalembera ma app, koma ogwiritsa ntchito anali ochepa kwambiri moti makampaniwo sankaona phindu. Ngati ndalama za Microsoft zinalephera kukoka anthu kumalo kopanda makasitomala, inu musayembekeze kuti API yokha (khomo lomwe mapulogalamu a anthu ena amalumikizirana nalo ndi pulogalamu yanu) iwakoka. Choncho funso loyamba si lakuti olemba mapulogalamu muwapeza bwanji, koma lakuti ndi vuto la ndani lomwe muthetsa, mpaka anthuwo azibwerera tsiku ndi tsiku.

Nkhani yachiwiri ndi imene ndikufuna muikhalire pansi, chifukwa m'kalasi saiphunzitsa kwenikweni. Mukatsegula API, mwalonjeza. Walira mvula walira matope. Munthu wina amene simunamuonepo amanga bizinesi yake pa lonjezo lanulo, alemba antchito, atenga ndalama za makasitomala ake. Tsiku lina inu mwaona kuti dzina la kabokosi kena m'mayankho a API silikumveka bwino, mwalisintha kuchoka pa "name" kukhala "full_name". Kwa inu ndi ntchito ya mphindi ziwiri. Kwa iye, app yasiya kuonetsa mayina a makasitomala, mauthenga odandaula akulowa motsatizana, ndipo sakudziwa kuti chalakwika n'chiyani popeza iye sanakhudze kanthu. Munthu ameneyo akakonza vutolo, chotsatira chake n'kuyamba kufunafuna kwina kosamukira, ndipo auzanso anzake.

N'chifukwa chake Stripe, kampani yolandirira malipiro pa intaneti yomwe abale awiri, Patrick ndi John Collison, anaiyambitsa mu 2010, imatchula mtundu uliwonse wa API yake ndi deti. Amene analemba code yake pa mtundu wakale amapitiriza kulandira mayankho akale mpaka atasankha yekha kusamuka. Ntchito imeneyi ndi yotopetsa kwa eni pulatifomu, koma ndi imene imachititsa kuti anthu agone tulo.

Twitter inachita zosiyana, ndipo nkhani yake imandipweteka mtima ndikaganizira anthu omwe anakhudzidwa. Pachiyambi ma app ambiri owerengera Twitter pafoni ankapangidwa ndi anthu akunja. App ya Twitter yeniyeni ya pa iPhone inachokera ku Tweetie, yomwe kampaniyo inagula mu 2010. Mu 2012 inaika malire a chiwerengero cha anthu omwe ma app akunja angakhale nawo, kenako mu January 2023 ma app monga Tweetbot ndi Twitterrific anangodulidwa popanda chenjezo. Twitterrific inalipo kuyambira 2007. Zaka zonsezo za ntchito zinathera pomwepo. Aliyense wolemba mapulogalamu amene anaona zimenezi, lero akamva za pulatifomu yatsopano amayamba wafunsa kuti, "Nanga ndikachita bwino, simudzanditsekera khomo kapena kukopera zomwe ndapanga?" Yankho lanu likhale lolembedwa, ndipo muzilisunga ngakhale pamene likukudyerani ndalama.

Za kagawidwe ka ndalama nenani poyera kuyambira tsiku loyamba. Apple inkatenga 30 peresenti pa zogulitsidwa pa App Store, ndipo kuyambira 2021 inatsitsa kufika pa 15 peresenti kwa omwe amapeza ndalama zosapitirira madola 1 miliyoni pachaka. Kampani ya Epic Games inafika nayo kukhoti mu 2020 pa nkhani yomweyi. Inu mukamayamba mulibe mphamvu zotere, ndiye gawo lanu likhale lochepa.

Zoti muphunzire ndi izi. Mudziwe bwino HTTP (njira yomwe mapulogalamu amatumizirana mauthenga pa intaneti), JSON (kalembedwe kofala ka mauthengawo) ndi kamangidwe ka API. Mudziwe OAuth 2.0, kuti app ya mlendo izipeza zokhazo zomwe mwini akaunti waloleza, osaona password yake. Mudziwe ma database, Git (chida chosungira mbiri ya zomwe mwasintha mu code) ndi kuyesa code. Koma luso lomwe ophunzira ambiri amalinyozera ndi kulemba malangizo omveka. Ganizirani munthu amene watsegula laputopu usiku atatopa, wakopera chitsanzo chanu choyamba, ndipo chamubwerera ndi "400 Bad Request" basi, popanda kunena kuti cholakwika n'chiyani. Ayesa kawiri, kachitatu atseka. Simudzamva ngakhale dandaulo lake. Uthenga womwewo ukanati "kabokosi ka email kakusowa", akanakonza n'kupitiriza. Ngati kusukulu kwanu kuli phunziro la kalembedwe ka zaukadaulo, musalizembe.

Kwa bambo anu, auzeni mwaulemu kuti maganizo awo ndi anu sakulimbana. Iwo akuona zoona: pulatifomu imatenga zaka isanabweretse ndalama, ndipo munthu amafunika kudya pa zaka zimenezo. Ntchito pa kampani yomwe imagwiritsa ntchito kapena kusamalira ma API ikuphunzitsani zinthu zomwe digiri singakupatseni, monga kuyankha kasitomala wokwiya ndi kusintha pulogalamu anthu ali mkati moigwiritsa ntchito. Kwa inu bambo, ngati mukuwerenga: mwana wofunsa funso lotere akuganiza patali, mulekeni azimanga zake madzulo ndi kumapeto kwa sabata.

Musanamalize maphunziro, sankhani pulatifomu imodzi ya eni ake n'kumangapo kanthu kakang'ono koma kenikeni. WordPress, pulogalamu yopangira mawebusayiti, ndi poyambira pabwino: imalola ma plugin (timapulogalamu towonjezera) kuyambira 2004, code yake ndi yotseguka kwa aliyense, ndipo kuika plugin m'nkhokwe yake n'kwaulere. Mukhale ndi kope pambali. Paliponse pomwe malangizo akusokonezani, pomwe mwadikira nthawi yaitali kuti avomereze ntchito yanu, pomwe mwasowa wofunsa, lembani deti ndi chomwe chachitika. Plugin ikatuluka, iikeninso pa GitHub, webusayiti yosungirapo ndi kuonetserapo code, ndipo adiresi yake muilembe pamwamba pa CV yomwe mukapereke pofunsira ntchito.