Mabedi atatu, madzi ochepa: mugule mbewu ziti?

Mayi wina wa ku Mufakose, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, watumiza imelo kufunsa mbewu zoti agule. Ali ndi mabedi atatu kuseri kwa nyumba, madzi a kumpopi amabwera mwa apo ndi apo, ndipo tomato amene anawokera mu Meyi anapsa masamba onse.

Mayi, tomato wanuyo anapsa ndi chisanu. Harare ili pamtunda, mamita pafupifupi 1,500, ndipo mu Juni ndi Julayi chisanu chimagwa m'mamawa, makamaka kufupi ndi madambo. Tomato, therere, nyemba ndi maungu sizipirira zimenezo. Miyezi yozizira ndi ya repu, mpiru umene anzathu kuno amati tsunga, kabichi ndi karoti. Anyezi wa Texas Grano fesani pakati pa Febuluwale ndi Epulo, mukachedwa mitu yake imachepa. Tomato adikire kaye, mudzawokere kumapeto kwa Ogasiti.

Bedi limodzi lipatseni covo, ndiwo zamasamba zofanana ndi repu, ndipo musataye ndalama kugula mbewu yake. Covo wa mtundu wa Rugare amabzalidwa ndi mphukira. Pemphani kwa aneba, thyolani zotalika ngati chikhatho, zikani motalikirana masentimita 50. Muzikolola miyezi yambiri osafesanso. Koma musanatenge, tembenuzani tsamba: mukaona tinsabwe totuwa titaunjikana kunsi ngati phulusa, isiyeni mphukirayo.

Za m'sitolo, gulani paketi yomata bwino ya kampani yodziwika, monga Seed Co kapena Starke Ayres, ndipo werengani deti. Timapepala tapulasitiki topanda dzina tomwe timakhala padzuwa tsiku lonse m'mbali mwa msewu, ayi ndithu, kutentha kumapha mbewu. Mukakayika, kulungani njere 10 m'kansalu konyowa kwa sabata. Zikamera zosakwana 7, musafese. Paketi yolembedwa F1, kutanthauza mbewu ya haibulidi, imabereka bwino, koma njere zake musasunge, chaka chamawa zidzatuluka zosiyanasiyana. Ngati dothi lanu ndi lamchenga ndipo mizu ya tomato imatupa timabulumabulu, funani mtundu wokhala ndi chilembo N, umene umapirira tinyongolotsi ta m'mizu.

Feteleza safunika thumba la makilogalamu 50. Makilogalamu 5 a Compound C, feteleza wobzalira, ndi 2 a AN (ammonium nitrate), wothira mbewu zikamakula, akukwanirani. Compound C sakanizani ndi dothi musanawokere, dzanja limodzi pa mita imodzi mulitali ndi mulifupi. AN thirani pakatha masabata atatu, kachitsekero ka botolo pa phando, patali pang'ono ndi tsinde, dothi lili lonyowa, apo ayi amawotcha. Zitosi za nkhuku nazonso zimawotcha ngati sizinawole.

Paipi yothirira ilekeni, imamwaza madzi. Gulani keni ya malita 10 ndi mgolo wosungiramo madzi tsiku limene abwera. Phimbirani mabedi ndi udzu wouma, thirirani patsinde m'mawa, ndipo madzi ochapira amene muli Jik asafike pabedi.