Ndikufuna tatuu ya dzina la mayi anga: kodi idzanditsekera ntchito?

Sabata ino ndalandira makalata awiri pa nkhani imodzi. Ina yachokera kwa mtsikana amene akufuna kulembetsa tatuu, ina kwa bambo amene mwana wawo analembetsa kale. Ndiyamba ndi ya mtsikanayu.

"Alangizi, ndili ndi zaka 18 ndipo ndikumaliza sekondale chaka chino. Mayi anga anamwalira ndili ndi zaka 12, ndipo kuyambira kale ndimafuna kulembetsa dzina lawo pamkono, pamene timavala wotchi. Ndikufunanso kuboola mphuno. Maloto anga ndi kugwira ntchito m'ndege, zikakanika ndidzaphunzire unamwino. Azakhali anga akuti ndikatero ndadzitsekera ndekha makomo a ntchito. Anzanga akuti thupi ndi langa. Ndimvere ndani?"

Mwanawe, pepa ndi imfa ya mayi ako. Palibe choipa m'chifuno chako chowakumbukira, ndipo sindikuuza kuti tatuu ndi chizindikiro cha mwana wolowerera, chifukwa si zoona. Thupi ndi lakodi. Komabe azakhali akowo usawatenge ngati akungokuopseza. Pa malo amene wasankhawo, ndi pa ntchito ziwiri zimene watchulazo, akunena zenizeni.

Tiyambe ndi ndege. Kampani ya Emirates, imene atsikana ambiri amailakalaka, imanena poyera pa zofunika kwa ofuna ntchito kuti munthu asakhale ndi tatuu yooneka akavala yunifolomu. Pamkono povala wotchi ndi malo amene yunifolomu kawirikawiri siibisa. Makampani ena anasintha: Air New Zealand inalola matatuu ooneka mu 2019, Virgin Atlantic inatsatira mu 2022. Ngakhale asilikali a ku America, amene malamulo awo a kavalidwe ndi okhwima, mu 2022 analola katatuu kakang'ono padzanja, kuseri kwa khutu ndi kumbuyo kwa khosi, koma kumaso anakanabe. Zinthu zikufewa, inde, koma sizikufewa nthawi imodzi kulikonse. Iwe lero sukudziwa kuti tsiku limene udzakhale ndi mapepala m'manja ndi kampani iti imene idzakhale ikulemba anthu. Ikadzakhala yokana, sudzapatsidwa mpata wofotokoza kuti dzinalo ndi la mayi ako. Adzayang'ana mkono, adzakuthokoza chifukwa chobwera, n'kuitana wotsatira.

Kuunamwino nkhani yake ndi ina pang'ono. Zipatala zambiri sizithamangitsa namwino chifukwa cha tatuu, bola isakhale yotukwana kapena yoopsa, koma chipatala chilichonse ndi sukulu iliyonse ya unamwino ili ndi malamulo ake. Chimene uyenera kudziwa n'chakuti namwino amagwira ntchito ndi malaya a manja aafupi, kuti azisamba m'manja mpaka m'zigongono. M'zipatala za boma ku Britain limeneli ndi lamulo lenileni. Ndiye pamkono pako padzakhala poyera tsiku lililonse, pamaso pa aphunzitsi, akuluakulu a wodi ndi odwala amene ena mwa iwo ndi okalamba oganiza mwachikale.

Uphungu wanga ndi uwu: funso lalikulu si lakuti ulembetse kapena ayi, koma liti ndiponso pati. Dzina la mayi ako likalembedwa paphewa kapena kumsana, pamene malaya amaphimba, silichepa mtengo. Lili pathupi pako, ukulidziwa iwe, ndipo umasankha wekha woti alione. Nkhope, khosi, manja ndi zala ndi malo amene ngakhale akatswiri ambiri olemba matatuu amakana kulembapo wachinyamata amene sanayambe ntchito, chifukwa amadziwa zimene zimatsatira. Ndipo dikira kaye upeze malo kukoleji kapena ntchito yako yoyamba, uwerenge malamulo a kumeneko ndi maso ako. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Jambulitsa papepala mmene ukufunira kuti dzinalo lidzaonekere, umate pakhoma pafupi ndi bedi lako. Ukadzuka nalo chaka chathunthu osatopa nalo, ndiye kuti ndi lakodi.

Ndikulimbikira za kudikira chifukwa cha mmene tatuu imakhalira m'thupi. Singano ya makina aja siilemba pamwamba pa khungu ayi. Imaboola khungu lakunja, limene limasupuka ndi kumera lina nthawi zonse, n'kukasiya inki m'khungu lamkati, kuya kwake milimita imodzi kapena awiri. Thupi limaona inkiyo ngati mdani, maselo oteteza thupi amathamangira kukaimeza, koma tizidutswa take n'tatikulu, sangatiphwanye. Amangokhala nato pomwepo, akafa ena amatenga. N'chifukwa chake tatuu siichoka ndi sopo kapena ndi zaka.

Kuichotsa n'kotheka, ndi makina a laser amene amaswa inkiyo kukhala tizidutswa ting'onoting'ono toti thupi litulutse. Koma si ulendo umodzi. Munthu amapita kangapo, ena mpaka kakhumi kapena kupitirira, ndipo pakati pa maulendowo pamadutsa masabata 6 mpaka 8 kuti khungu lipole. Zimapweteka, ndipo ndalama zake zimaposa kutali zimene unalipira polembetsa. Inki yakuda imachoka mosavuta kusiyana ndi yobiriwira kapena yachikasu, ndipo pakhungu lakuda laser imatha kusiya chigamba choyererako chimene chimaoneka kuposa tatuu yomwe. Bungwe la Pew Research Center linafunsa anthu akuluakulu a ku America mu 2023, n'kupeza kuti 32 mwa 100 alionse ali ndi tatuu, ndipo mwa amenewo 24 mwa 100 alionse amanong'oneza bondo ndi imodzi mwa matatuu awo. Ambiri sadandaula, n'zoona. Koma mmodzi mwa anayi si ochepa pa chinthu chovuta kuchibweza chotere.

Za mphuno sizindidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa chipini chimavulika. Chimene atsikana ambiri sadziwa ndi nthawi ya kupola. Kunsi kwa khutu kofewa kuja kumapola pa masabata 6 mpaka 8, koma mphuno ndi kumtunda kwa khutu, kumene kuli chicherewecherewe, zimatenga miyezi ingapo, ndipo mchombo umatha kutenga chaka. Bowo lisanapole ukavula chipini limatsekeka msanga, ukamavula ndi kubwezera limasanduka chilonda. Choncho usaboole kutatsala mwezi kuti upite ku intavyu kapena kukayamba maphunziro a m'wodi. Lilime lokha ndikupempha ulisiye: kachitsulo kake kamagunda mano mpaka kuwabenthula, ndipo kamadya nkhama pang'onopang'ono.

Pali chinthu china chimene ndinachiona ndi maso anga ndipo sindichiiwala. Mtsikana wina amene ndinkamulangiza ankabwera nthawi zonse tsitsi atalikokera mbali imodzi. Tsiku lina analikweza n'kundionetsa khutu. Kuseri kwake kunali chotupa cholimba, chonyezimira, chachikulu ngati nsonga ya chala chachikulu. Mnzake anamuboola ndi singano yosokera, balalo linapola, koma chipsera chinapitiriza kukula. Madokotala amachitcha keloid. Chimachitika kwambiri kwa anthu a khungu lakuda, chimayenda m'magazi a pabanja, ndipo ukangochidula kawirikawiri chimameranso. Usanaboole paliponse, yang'ana zipsera zako zakale ndi za abale ako. Ngati alipo amene chipsera chake chinatukumuka n'kupitirira malire a bala, kaonane ndi dokotala kaye. Izi zikukhudzanso tatuu.

Tsiku limene udzapite, yang'anitsitsa manja a wolembayo. Avale magolovesi atsopano. Singano aitulutse m'paketi yomata, aing'ambe iwe ukuona. Inki athire m'kakapu katsopano, yotsala ataye. Zitsulo zogwiritsanso ntchito ziphikidwe m'makina a nthunzi otchedwa autoclave, amene amafika madigiri 121. Kupukuta ndi spiriti kapena kuwotcha ndi machesi sikokwanira. Singano yogawana imanyamula matenda a chiwindi a hepatitis B ndi C, komanso kachilombo ka HIV. Wolemba amene wakwiya chifukwa wamufunsa za ukhondo, tuluka, usachite manyazi.

Tsopano kalata yachiwiri.

"Alangizi, mwana wanga wamwamuna ali chaka chachiwiri kukoleji, akuphunzira za uinjiniya. Wabwera kutchuthi ali ndi chojambula pakhosi ndiponso ndolo kukhutu. Ine ndi mayi ake tinamulera m'mapemphero. Ndamuuza kuti akapanda kuchotsa zimenezi ndisiya kumulipirira fizi. Kodi ndalakwa?"

Bambo, kukhumudwa kwanu ndikukumvetsa. Mumadzimana kuti mwanayu aphunzire, ndiye kumuona wabwera ndi chinthu chimene sanakufunseni, pamalo oonekera chotero, mtima umawawa. Pakhosi anasankha molakwika, ndipo akanandifunsa ndikanamuletsa. Koma pa za fizi, ndikupemphani mubweze mawu anu.

Madzi akatayika saoleka. Tatuu ija ilipo kale, ndipo mukasiya kulipira siichoka. Chimene chichoke ndi digiri. Chojambula cha pakhosi chingamutsekere makomo ena, makamaka m'maofesi okumana ndi makasitomala ndi m'ntchito za yunifolomu, koma injiniya amalembedwa ntchito chifukwa cha zimene amatha kuwerengera ndi kumanga, ndipo kolala ya shati imabisa zambiri. Mnyamata amene wasiyira sukulu panjira, makomo amene amamutsekekera ndi ochuluka zedi kuposa pamenepo. Chilango chimenechi chingamupweteke zaka makumi anayi chifukwa cha chinthu chimene anachita tsiku limodzi.

Chinanso chimene chikundiopsa m'mawu anu ndi akuti "achotse". Mwana wopanikizidwa amene alibe ndalama za laser amayesa njira zake: lumo, asidi, mchere wokhula, chitsulo chamoto, kapena mafuta ogulitsidwa pa intaneti amene amati amafufuta tatuu. Zonsezi zimawotcha khungu lakunja pamene inki ili mkati. Zotsatira zake ndi chilonda, mafinya ndi chipsera choipa kuposa chojambulacho, ndipo pakhosi si pamalo oseweretsa. Muuzeni momveka kuti asayese ngakhale pang'ono.

Funso loyamba limene muyenera kumufunsa si lakuti "n'chifukwa chiyani wandichititsa manyazi", koma lakuti anamulemba ndani, ndipo ndi singano yotani. Ngati anali mnzake wa kuchipinda chogona kusukulu, ndi singano imene inadutsa pa anthu angapo, apite kuchipatala akayezetse hepatitis B, hepatitis C ndi HIV, ndipo akawauze tsiku limene analembetsa kuti amuuze ngati ayenera kudzayezetsanso. Hepatitis C imatha kukhala m'thupi zaka zambiri munthu osamva kanthu, ikuwononga chiwindi mwakachetechete, koma masiku ano mankhwala ake amachiza anthu oposa 95 mwa 100 alionse. Hepatitis B ili ndi katemera. Izi n'zofulumira kuposa mkangano wa maonekedwe.

Ndolo si nkhani yovuta. Kumalo a makina ndi magetsi adzauzidwa yekha kuti avule, chifukwa chitsulo cholendewera chimakodwa m'makina ozungulira ndipo magetsi amadutsamo. Lamulo la chitetezo limenelo adzalimvera popanda inu kukweza mawu.

Ndikudziwa kuti kwa inu nkhaniyi ikukhudza chikhulupiriro, ndipo sindikupeputsa zimenezo. Muuzeni zimene mumakhulupirira, monga bambo wouza mwana wake wamkulu, osati pomuopseza ndi ndalama. Koma musafulumire kuwerenga khalidwe lake pakhungu. Anthu akhala akudzilemba pathupi kuyambira kalekale: mtembo wa munthu wotchedwa Ötzi, umene unapezeka m'madzi oundana a m'mapiri a Alps ku Ulaya mu 1991, ndi wa zaka zoposa 5,000 zapitazo, ndipo uli ndi matatuu 61. Ena amalemba pokumbukira womwalira, ngati mtsikana wa kalata yoyamba ija, ena potsanzira woimba kapena wosewera mpira, ena chifukwa anzawo onse alemba. Mukafuna kudziwa ngati mwana wanu wasokonekera, yang'anani zotsatira za mayeso ake, anzake amene akuyenda nawo, mmene akugonera ndi mmene akugwiritsira ntchito ndalama zimene mumamutumizira. Zimenezo zikasintha, pamenepo ndiye pali nkhani, kaya ali ndi tatuu kaya alibe.

Tchuthi chisanathe, khalani naye pansi awiriwiri, popanda abale ena omvetsera. Mufunseni kuti chojambulacho chikutanthauza chiyani, ndipo mumulole amalize kuyankha. Kenako mugwirizane zinthu ziwiri: kuti sawonjezera china kumaso, pakhosi kapena m'manja mpaka atamaliza sukulu ndi kupeza ntchito, ndiponso kuti popita kukaphunzira ntchito kumakampani adzavala shati ya kolala ndi kuvula ndolo. Akavomera, mupite naye limodzi kokayezetsa magazi kuja, ndipo fizi ya semesita ikubwerayi mulipire pa nthawi yake.