Kampa, galu ndi N1: ndikuyankheni achimwene a ku Germiston

Imelo yafika sabata ino kuchokera kwa achimwene ena a ku Germiston. Akuti agula kampa ya seko, galimoto ija yokhala ndi pogona mkati, akufuna mu Disembala anyamuke kuno ku Joni ulendo wa ku Cape Town ndi madamu awo komanso galu wawo, koma anzawo akuwaseka kuti galu malo ake ndi pa geti, amusiye kwa neba. Ndiye akufunsa, apite naye kapena ayi?

Achimwene, mawu a anzanuwo andiwawa ndithu. Ine ndinakulira ku Ndirande, agalu athu amadya makoko a nsima ndi madzi otsukira mbale, masana onse ali pa unyolo pansi pa mtengo wa mango, usiku ndiye kuwamasula kuti auwe akuba. Palibe amene ankaona cholakwika. Koma zinthu zikusintha ngakhale kumudzi komweko, kuyambira 2015 a Mission Rabies akhala akubaya agalu katemera wa chiwewe mu Blantyre, ndipo ukaona tianyamata titandandana pa sukulu aliyense ndi galu wake pa chingwe ena atanyamula tiana ta agalu m'manja, umadziwa kuti chikondicho chinalipo kale, chimene chinkasowa ndi wotiuza kasamalidwe kake basi.

Wanga ndi Bruno, wosakaniza mtundu, ndinamutenga ku malo osungira agalu otayidwa. Msewu womwe mukuufunawu tinauyenda limodzi mwezi wa Meyi, pa kampa yobwereka kwa abwana anga akale. N1 kuchoka Joni kukafika Cape Town ndi makilomita pafupifupi 1,400, anthu a matakisi amauthamanga kamodzin'kamodzi koma ndi galu iwalani zimenezo. Mpaka Bloemfontein Bruno anali wosakhazikika, dovu chuchuchu, kumangozungulira kumbuyo kwa mpando. Titadutsa pamenepo anagona, mutu atatsamira pa nsapato yanga yakale imene ndinamuikira dala kuti azimva fungo la kunyumba. Usiku tinagona kufupi ndi Gariep Dam, kuzizira kwake kolowa m'mafupa, nkhandwe zikulira chapatali, iye makutu ali njo usiku wonse koma osauwa, anangosendera nkudzagona pa mapazi anga. Pamenepo ndi pamene ndinaona kuti galuyu amandidalira pa chilichonse, madzi, mthunzi, poima, zonse ndimasankha ndine iye alibe pakamwa.

Ndiye ndikuuzeni mosapsatira, vuto lanu si galu ayi, vuto ndi Disembala. Mukangodutsa Colesberg mwalowa dera louma la Karoo, mitengo ya mthunzi ndi yowerengeka, ndipo cha ku Beaufort West ndi Laingsburg nthawi imeneyo kutentha kumapitirira madigiri 35, masiku ena mpaka 40. Galu satuluka thukuta thupi lonse ngati ife, amaziziritsa thupi ndi wefuwefu wa lilime uja, ndiye mpweya womwewo ukakhala wotentha alibenso pothawira. Kampa yoimikidwa pa dzuwa ili ngati nyumba ya malata yopanda siling'i ku Nsanje mwezi wa Okutobala. Mukati ndingolowa mu shopu ndigule buledi, mzere wa pa holide nkukuchedwetsani, potuluka mupeza zina. Ine munthu wotsekera galu mu galimoto masana sindimumvetsa ngakhale atati mawindo anatsegula pang'ono, kutsegula pang'onoko sikuthandiza kanthu. Ndipo phula la pa filing'i siteshoni limaotcha mapazi ake, ikani kuseri kwa dzanja lanu pansi kaye, likakuotchani inu ndiye kuti iyenso limuotcha.

China chimene anthu amatulukira ali kale pa geti: mapaki a SANParks, bungwe la boma loyang'anira malo osungira nyama zakutchire, ngati Karoo National Park ya ku Beaufort West salola ziweto, chifukwa cha nyama zakutchire ndi matenda. Lamuloli ndi lomveka. Koma zikutanthauza kuti malo ena okongola mudzangowadutsa, ndipo ngati madamu mtima wawo uli pa kuona mbidzi ndi mikango, kambiranani muli kunyumba konkuno osati pa msewu. Komanso mbali yaikulu ya Karoo ndi mafamu a nkhosa, alimi ake safuna kuona galu wachilendo kuseri kwa waya, ena amatchera misampha ya nkhandwe. Musamumasule chingwe poima ngakhale pakuoneka kuti palibe munthu. Ndinaona banja lina cha ku Hanover likuitana galu wawo dzuwa likulowa, mwana wawo akulira, mpaka lero zimandibwerera.

Zoti muchite

Pitani naye, koma ngati kuntchito angalole sunthani ulendowu ufike Epulo kapena Meyi. Kaonaneni ndi a vetenale musananyamuke, katemera wa chiwewe ndi lamulo kuno ndipo khadi lake likhale mu galimoto, mupemphenso mankhwala a nkhupakupa chifukwa zimapatsa agalu matenda oopsa a m'magazi. Chigubu cha madzi chake chapadera, chakudya chomwe anazolowera, lamba womumangirira pa mpando, kolala yolembedwa nambala yanu. Imbirani malo ogona aliwonse kufunsa ngati amalola agalu, osangodalira zolembedwa pa intaneti. Muyambe mwamuyesa timaulendo tating'ono, ngakhale ku mtsinje wa Vaal kokha, kufupi ndi Joni.

Ngati tchuthi chanu ndi Disembala basi, nyamukani m'bandakucha, ikamakwana 10 koloko mukhale mwaima pa mthunzi mpaka dzuwa lipepe. Mukaona kuti zimenezo simukwanitsa, msiyeni, koma kwa munthu amene Bruno wanuyo amamudziwa ndipo adzagona pakhomopo, kapena ku malo osungira agalu, ndipo kumeneko bukani panopa chifukwa nthawi ya Khirisimasi kumadzadza msanga.